Ndinkamuthirira mchere mng'ono wanga

Mng'ono wanga adatumbiza mwana wake ali ndi mano awiri okha. Adabwera kwanga dzuwa lili paliwombo, khanda kumbuyo, nandipeza ndikusenda chinangwa pakhonde. Mphasa idalipo koma sadakhale. Adatsamira mzati n'kunena kuti, "Mana, mwezi wandidumpha kawiri."

Ine ndine wamkulu, n'chifukwa chake amanditchula mana. Ndidabadwira ku Zambia makolo atathawa nkhondo, iye adabadwira kuno titabwerera. Tonse tidakwatiwa m'mudzi umodzi kufupi ndi ku Malowera, ndipo pakati pa nyumba yanga ndi yake pali munda wa chimanga basi. Bambo wa ana anga adapita ku Tete kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe. Mwamuna wa mng'ono wangayo amakumba golide cha ku Fingoe, amabwera mwa apo ndi apo ali ndi dothi m'makutu.

Pakamwa panga sipachedwa. "Iwe ndi mwamuna wakoyo simukadadikira? Mudamva kuti dziko likutha?"

"Mudzanditukwana mawa, mana. Lero mundithandize."

Sindidamutukwanenso chifukwa zitenje zake, makapulana a uchembere wake wachitatu, ndidachapa ndine. Magazi adakana kuleka, tidamunyamula pa kamiyau, lole yonyamula fodya, mpaka ku Fingoe milomo itayera ngati ya munthu wodya ufa. A chipatala adanena poyera kuti mimba ina ikabwera msanga, tidzabwerera naye atakulungidwa. Iye adati adzayamba jakisoni wolera mwana akayamba kukwawa. Mimba sidadikire kuti mwana akwawe.

Ndidali nditamva pa wailesi kuti lamulo lidasintha, kuti mimba ikakhala isanapitirire miyezi itatu amathandiza kuichotsa kuchipatala komweko, popanda wapolisi. Tidauza anthu kuti tikupita ndi mwana kusikelo, tidakwera mota, njinga yamoto, tonse atatu.

Chimene chinkamuopsa mng'ono wanga sichidali ululu ayi. Adali mawu a apongozi ake, mayi a mwamuna wake, amene amakhala nawo bwalo limodzi n'kumadya za mumphika wake. Mayi amenewa ndiwo amatsogolera amayi a mpingo wathu Lachinayi. Ngaatali, oonda, saseka pachabe, ndipo maliro aliwonse m'mudzimo amasambitsa ndiwo. Nkhani ya lamulo itamveka, adatiphunzitsa kuti boma likhoza kulola koma mutu wa munthu sulola. Adati mkazi wochotsa mimba amapenga, kaya msanga kaya mochedwa. Adasimba za mayi wina amene adamuona ku Zambia kumsasa wa othawa nkhondo, ankayenda atabereka chikuni n'kumachiimbira. Adasimba bwino moti tonse tidachiona chikunicho.

Choncho enifermera, namwino wachitsikana wa ku Tete wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, atamaliza kumuyeza, mng'ono wanga adafunsa funso limodzi lokha. "Kodi ndipenga?"

Enifermerayo sadaseke. Adati misala siili m'makomprimidu, mapiritsi amenewo. Adati amayi ambiri amene adawathandiza ali kuminda kwawo, ena amamva chisoni masiku angapo, ena amangomva kupepuka, ndipo amene amavutika kwambiri ndi amene adachita mokakamizidwa kapena amene alibe womuuza. Kenako adanditulutsa panja kuti amufunse payekha ngati sindikumukakamiza ndine. Zidandipsetsa mtima, koma ndidatuluka.

Komprimidu limodzi adamwera komweko, ena adatenga. Adakhala kwanga masiku angapo, anthu tidawauza kuti ndi malungo. Zidatha monga adanenera enifermera.

Tsono apa ndinene zimene maso anga adaona, chifukwa anthu amakonda kudumpha pamenepa. Mng'ono wanga adapepuka. Adadya zinangwa zootcha ziwiri nthawi imodzi, adandiseka kuti ndimayenda ngati bakha, adapalira nane mzere ndi mzere akuimba. "Ndapuma, mana," adatero. "Ndinkagona ndikuwerenga amene adzalere ana anga." Munthu wopenga sindidamuone sabata imeneyo.

Chimene tonse awiri tidaiwala kuchipatala kuja ndi mchere.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina amuthirire. Akathira yekha amadula anthu a m'nyumbamo, ndiye mdulo umenewo: chifuwa chosatha, kutupa mapazi, kuonda. Zimenezo n'zamasiku ochepa. Koma mkazi amene mimba yake yapita padera amakhala wosathira mpaka amayi akuluakulu atakataya mtayo, n'kumusambitsa mankhwala, n'kumumasula. Popanda kuwauza palibe mankhwala. Ndipo amene amamasula akazi a banja limenelo ndi apongozi omwe aja.

Tsiku limene adabwerera kukhitchini kwake ndidamva akundiitana kudutsa chimanga. Ndidamupeza ataima pafupi ndi mphika wa nyemba, manja atabisa m'khwapa.

"Ndithirireni, mana."

"Asa! Ife si akhristu kodi? Thira iwe."

"Inu mukakhala kumwezi mumathira?"

Sindithira. Kaya ndimakhulupirira kaya ayi, dzanja langa limakana lokha. Ndidatapa mchere ndidathira.

Kuyambira pamenepo ndinkadutsa m'mundamo masana ndi madzulo, mpaka mapazi anga adapanga kanjira. Masiku oyamba palibe adadabwa. Koma sabata idatha, ina idatha, chimanga chidandifika m'chiuno, ine ndikadali wothira mchere m'nyumba ya eni. Apongozi aja ankakhala pakhonde pawo akusankha mtedza. Tsiku lina ndikutuluka adalankhula ngati akuuza nkhuku. "Mwezi wa mpongozi wanga ndi wautali ngati msewu wa ku Chiputo."

Ndidaseka, koma ndidafulumira kulowa m'chimanga.

Kenako malume athu adamwalira ku Chiputo komweko. Mng'ono wanga sakadapita ndi khanda, ndidapita ndine. Titaika maliro mvula idagwa yosaleka, mtsinje udadzaza, mota iliyonse idakana. Ndidakhala kumeneko pafupifupi sabata ndikudya nkhwani za eni, mtima uli kukhitchini ya mng'ono wanga.

Zimene zidachitika adandiuza yekha nditabwerera. Masiku oyamba ankaphika ndiwo zopanda mchere n'kuika mcherewo pambali m'kambale, aliyense adzithirire. Tsiku lina apongozi adalowa m'khitchini, adatenga chitini cha mchere n'kumupatsa m'manja. "Mkulu wako kulibe. Thira, tidye ngati anthu." Adaima pakhomo osachoka. Akadakana, funso lotsatira likadakhala lakuti chifukwa chiyani. Adathira. Msuzi wa nyemba zomwezo adaudontheza m'phala la mwana, chifukwa apongozi adali pomwepo akuyang'ana. Patangopita masiku ochepa mwana adayamba kutsokomola.

Abale inu, munthu amene ndidamupeza sadali amene ndidamusiya. Tsitsi adamasula osalukanso. Manja adali atang'ambika chifukwa chosamba ndi phulusa ndi sabau, sopo wochapira uja, kosalekeza. Mwana akalira ankaima patali n'kuuza mwana wake wamkulu kuti amunyamule, ndipo poyamwitsa ankapinda manja kumbuyo kuti asamukhudze.

"Ndamudula, mana. Ndapha uja, tsopano ndikupha uyu."

"Khala chete! Ana onse m'mudzi muno akutsokomola, wawadulanso ndiwe?"

Sadandimve. Adati akakhala kumunda amamva khanda likulira m'chimanga, akathamangira kunyumba amapeza wake ali m'tulo. Adati tulo sabwera. Chakudya ankangochigwira n'kuchisiya.

Tsiku lina masana ndidapita kukatunga madzi. Ndidamupeza atakhala pamilomo pa chitsime, miyendo ili m'kati, ndowa yake ili pambali youma. Chitsime chathu n'chakuya, nthawi ya mvula madzi ake amaoneka akuda. Ndidamugwira kapulana kumbuyo mwamphamvu mpaka tonse tidagwera m'matope.

"Umatani?"

"Ndimangoyang'ana."

Ndidamukokera kunyumba. Mantha ngati amenewo sindidawamvepo, ngakhale tsiku la kamiyau lija.

M'mawa mwake ndidawakweza mota, iye ndi mwana, kubwerera ku Fingoe. Enifermera uja adamvetsera chifuwa cha mwana nati ndi chibayo choyamba kumene, chimene chagwira ana ambiri ndi mvulayi. Adamubaya jakisoni, adatipatsa sharope, mankhwala akumwa a m'botolo. Kenako adakhala ndi mng'ono wanga nthawi yaitali anthu akudandaula pamzere. Adamuuza kuti mchere sudula munthu, kuti chimene chikumudya ndi mantha ndi kusenza yekha. Adati ku Tete kuli anthu ophunzira za maganizo amene angacheze naye, ndipo adandilangiza kuti ndisamusiye yekha. Ndikhulupirira kuti adanena zoona. Mng'ono wanga adagwedeza mutu ponseponse mwaulemu. Tili pa mota adandinong'oneza m'khutu kuti, "Iye uja sadziwa."

Mwana adayamba kupeza bwino. Ine ndidati waona? Iye adati mdulo umabisala n'kubweranso.

M'mudzi anthu adali atayamba kulankhula. Lachinayi lotsatira apongozi aja adabwerezanso nkhani ya mayi wobereka chikuni, osatchula munthu, maso ali pakhoma. Amayi ena ankandiyang'ana chakumbali. Ndidatuluka nyimbo isadathe, chifukwa ndikadakhala ndikadanena mawu osayenera m'nyumba ya Mulungu.

Ndidakwiyira onse. Awa akuti kuchotsa mimba kumapengetsa, ndipo nayu munthu akuoneka ngati wopenga, ndiye apambana. Awo akuti sikupengetsa, ndipo ine mwini ndidamuona akuimba kumunda zitatha, ndiye nawonso apambana. Onse apambana, ine nditsale ndikulondera chitsime? Ku Tete n'kutali, mvula ili pakati, ana ali atatu. Munthu amene akadamumasula adali pa bwalo lomwelo akusankha mtedza.

Ndidapha nkhuku yanga yamsoti m'mamawa. Magazi ake ndidanyowetsa tinsanza, ndidakulunga m'kapulana yakale ya mng'ono wanga, kamtolo kokwana m'manja awiri. Ndidamuuza kuti akagone m'nyumba asalankhule kanthu. Kenako ndidapita kwa apongozi ake, ndidagwada pansi pa khonde.

"Amayi, mpongozi wanu wapita padera."

Adasiya kusankha mtedza. "Liti?"

"Lero kukucha."

"Lero."

"Inde, amayi."

Bodza limenelo sindidalapepo ndipo sindikuganiza zolapa. Adaika lichero pansi, adapukuta manja, adatuma uthenga kwa amayi awiri achikulire a banjalo.

Mtayo sakuwa, sapala bokosi, amuna sapitako. Tidayenda akazi asanu okha kulowera kudambo dzuwa lisadakwere, apongozi patsogolo ndi kakhasu, ine ndi kamtolo, mng'ono wanga pakati pa amayi awiri aja. Pansi pa mtengo wa mkuyu adakumba kadzenje kosafika m'bondo. Mtayo saika mozama, akuti ukazamitsa umatseka mimba ya mayi wake.

Ine mimba zanga zonse zidafika, ndipo pa mtayo ndidali ndisadaimepo pafupi. Ndinkayesa kuti kamtolo kamalowa m'dzenje momwe kabwerera. Sindinkadziwa kuti wamkulu amayenera kumasula, aone, agoneke kanthuko chammbali.

"Bwera nako," adatero apongozi.

Ndidawapatsa. Adagwada, adatembenuka pang'ono moti msana wawo udatchinga amayi awiri aja, adamasula mfundo. Ine ndekha ndi amene ndinkaona zimene ankaona: tinsanza, magazi owuma kale m'mbali, ndi kanthenga kamodzi kakang'ono kamene sindidakaone pokulunga. Adakhudza kanthengako ndi chala. Mng'ono wanga adali ataweramitsa mutu, akupuma ngati wathamanga.

Ndidadikira mawu. M'maganizo ndidaona kale mpingo utakhala pansi, mwamuna wake akuitanidwa kumigodi, katundu wake ali panja, ndi chitsime chija.

Apongozi adapinda kanthengako m'kati, adamanganso mfundo. Adanyamula kamtolo ndi manja awiri pang'onopang'ono, naika m'dzenje chammbali.

"Kadali kakang'ono," adauza amayi aja. Kenako adalankhula kudzenjeko. "Mlendo, wabwera, wabwerera. Usatseke njira ya anzako."

Adakwirira ndi manja. Adauza mng'ono wanga kuti asalire, pa mtayo salira, ndipo pobwerera asacheuke.

Kunyumba adamusambitsa madzi a mizu kuseri kwa bafa, adamumeta pang'ono pachipumi. Adaphika phala, adamupatsa chitini chija kuti athire yekha mchere pamodzi ndi ufa wa mankhwala. Aliyense wa pabwalopo adadya, ngakhale khanda adalilawitsa ndi chala. Apongozi adatenga mwanayo n'kumuika m'manja mwa mayi wake. Mng'ono wanga adamugwira poyamba ngati mbale yotentha, kenako adamufungatira. Adagona naye pamphasa pansi pa mango kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa, ntchentche zikumutera pankhope osamva.

Sindinena kuti adachira tsiku lomwelo. Kulira kwa m'chimanga kudapitirira mpaka tidakolola, ndipo madzi ndinkamutungira ndine nyengo yonseyo. Koma adayamba kudya, adandilola kumuluka tsitsi. Lero ali bwino, wanenepa, amagulitsa mandazi ku Malowera, ndipo pamkono ali ndi kanthu kolera kamene adamuika enifermera. Mwana uja ali kusukulu, wamakani ngati ine. Tsiku lina tikuchapa ndidamufunsa ngati amadandaula. Adati pena amawerenga kuti bwenzi wa m'mimba uja ali wamkulu bwanji, zimamuwawa, koma akadayenera kusankhanso akadakweranso mota yomweyo. Apongozi ake nkhani ya chikuni sadaibwerezenso Lachinayi, koma sadanenenso kuti idali yolakwa. Anthu akamatsutsana pa wailesi za mitu ya akazi ochotsa mimba, ine ndimatseka n'kupita panja.

Pali chimodzi chimene mng'ono wanga sadziwa. Tsiku lotsatira mtayo uja, ana anga atapita kusukulu, apongozi ake adatulukira m'chimanga mwa kanjira kanga kaja, khasu lalikulu paphewa. Ndidawayalira mphasa, adakana.

"Mdzukulu wanga ali kuti?"

"Amayi, si dzulo tidakam..."

"Nkhuku ndidaika dzulo. Ndikufunsa mdzukulu wanga."

Mawu awo sadali aukali, ndipo n'chimene chidandithyola. Akadandikalipira ndikadawayankha, ine pokangana sindigonja. Tsiku limene zinkatuluka mng'ono wanga adali ndi ululu, ankathamangira kuseri kwa nyumba yanga kawirikawiri, ndipo palibe mwa ife adaganiza zoyang'ana kapena kusunga kanthu. Ndidakweza dzanja ndidaloza chimbudzi.

Adayang'ana kampanda kake ka udzu nthawi yaitali. Kenako adapita, adazula mitengo ya mpanda umodziumodzi n'kuunjika pambali. Adaswa dothi la pamwamba, adachotsa mitanda, dzenje lidatseguka ndi fungo lake lonse. Ndidathamangira khasu langa.

"Siya," adatero. "Wachita zako."

Adakumba dothi pachulu cha kumpoto kwa bwalo, ankanyamula ndi dengu pamutu n'kukhuthula, mayi wa msinkhu umenewo, dzuwa likukwera. Ndidawabweretsera madzi, sadamwe. Thukuta linkatsika m'makwinya mpaka pachibwano, koma misozi ndidayang'anitsitsa, padalibe. Ine ndi amene ndidalowa m'nyumba kukaluma kapulana kuti asandimve.

Nditatuluka adali atamaliza, akupondaponda dothi ndi mapazi kuti pafanane. Adapukuta khasu ndi udzu, adaliika paphewa. Adalankhula osandiyang'ana.

"Mudamuika mozama, mwanawe. Kumeneko ngakhale ine sindingamugoneke bwino."

Adalowa m'chimanga. Ine ndi ana anga tinkakadzithandiza kuthengo mpaka mvula idatha, ndipo anawo ndidawauza kuti chimbudzi chidagwa chokha.